Nyumba za lendi kumudzi: timange pati, nanga zikawonongeka akonze ndani?

Mnyamata wa ku Thekerani (Israel): Moni akuluakulu nonse. Kumunda kuno ndasungako kangachepe, ndiye ndikuganiza zomanga nyumba za lendi kwathu kuti podzabwerera ndidzakhale ndi pogwira. Mayi akuti malo alipo pakhomo pompo, ndingotumiza ya njerwa. Koma mtima ukukayika. Inu amene munayamba kale, malo munasankha bwanji?

Malume (Durban): Mphwanga, usanafunse za malo, dzifunse kaye kuti adzagonemo ndani, ndipo ndalama amaigwira liti. Pamudzi penipeni aliyense ali ndi pake pogona, angakulipire lendi ndani? Nyumba ya lendi imafuna munthu wobwera: mphunzitsi, namwino, wapolisi, wa ku khonsolo, mwana wa sukulu. Amenewa amapezeka pa Boma, pa Chitakale, pa Luchenza, pafupi ndi zipatala ndi makoleji. Iweyo wa ku Thekerani, Makwasa si patali. Pali chipatala cha Malamulo ndi koleji yake ya zaumoyo. Yambira kufufuza pamenepo.

Mayi a mapasa (Randburg): Zoona malume. Ine zanga zili pa Bvumbwe. Ambiri amene amakhalamo amagwira ntchito ku Limbe, amakwera minibasi m'mawa n'kubwerera madzulo, poti lendi ya m'tauni yawakulira. Nyumba ikangotuluka munthu, sipatenga nthawi wina wabwera kale kudzafunsa. Koma ikhale yoti munthu akatsika pa siteji ayende pang'ono, osati kukalowa kumadimba uko.

Wa ku Goliati (Cape Town): Musaiwale yunivesite ya MUST ku Ndata. Chitsegulireni mu 2014 dera lija linasintha, ana asukulu ena amasaka zipinda kunja kwa mpanda. Kungoti muziwerengera ndi holide yomwe, chifukwa akatseka zipinda zimakhala zopanda anthu. Komanso mwana wa pa yunivesite safuna zambiri koma zitatu izi sanyengerera: magetsi, madzi ndi chitseko cholimba, poti ali ndi laputopu.

Mnyamata wa ku Thekerani (Israel): Nanga pafupi ndi esiteti ya tiyi? Anthu amakhala ambiri kumeneko.

Malume (Durban): Ambiri inde, koma taona mmene ntchito yake imayendera. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, ndi pamene amalemba anthu ambiri othyola. Chilimwe chikafika ena amaimitsidwa, amabwerera kwawo. Ena okhazikika ali ndi nyumba za pa esiteti pomwepo. Ndiye ukamanga kumeneko manga tizipinda ta mtengo wotsika, ndipo udziwiretu kuti miyezi ina udzalandira mwa apo ndi apo. N'chimodzimodzi Limbuli ndi Muloza: malonda ndi otentha chifukwa cha malire a Mozambique, koma amayendera nyengo ya zokolola. Kumeneko chimene chimayenda ndi shopu kutsogolo, chipinda kumbuyo.

Asisi a ku Chonde (Leeds): Achimwene, ine ndibwerere pa mawu a mayi aja akuti malo alipo pakhomo. Mayi akunena ndi mtima wabwino, koma kwathu kuja malo amayendera kuchikazi. Dothi limenelo ndi la mbumba, eni ake ndi alongo anu ndi ana awo. Lero mukumvana, koma mawa nyumba zikayamba kubweretsa ndalama, mayi atatsogola, nkhani imasintha. Kumanga kuchikamwini nakonso n'chimodzimodzi, banja likagwedezeka mumachoka chimanjamanja. Ngati mukufuna kumangira mayi nyumba, amangireni, imeneyo ndi mphatso ndipo Mulungu akudalitsani. Koma ya bizinesi gulani puloti yanuyanu, m'dzina lanu. Pogulapo pakhale amfumu, mwini mbumba wa wogulitsayo, ndi oyandikana nawo malire mbali zonse, onse asayine. Ku Thyolo ndi Mulanje malo ndi ochepa, ambiri anapita ku maesiteti, ndiye puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si zachilendo. Ngati ili m'dera la khonsolo, monga pa Luchenza, kafunseni ku ofesi musanapereke ndalama, kenako muyambe za lizi, chikalata cha boma cha malowo.

Mayi a mapasa (Randburg): Ndipo osagula pongoona chithunzi pa WhatsApp. Chithunzi sichionetsa kumene madzi amadutsa.

Wa ku Goliati (Cape Town): Apo mwalasa mayi. Namondwe Freddy uja wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zowawa. Mitsinje inasiya njira zake, miyala inatsika m'phiri. Amene mwamutuma akafunse anthu okhala pamalopo kuti madzi analekeza pati chaka chimenecho. Puloti ya m'mbali mwa Ruo, Thuchila kapena Likhubula, ngakhale itchipe bwanji, isiyeni.

Kalipentala (Germiston): Ndalowa mochedwa, ndinali pa sayiti. Ine ndiyankhule za kukonza, chifukwa ambiri timaganiza zomanga basi, kuiwala kuti nyumba imadya ndalama chaka ndi chaka. Kwathu kuja mdani wa nyumba ndi chinyontho. Mvula ndi yambiri, ikatha kumabwera chiperoni, khoma siliuma bwinobwino. Ndiye zambiri zimene mudzavutike nazo mungazipewe pomanga pomwe. Fandeshoni ikwere, ndipo mmisiri asaiwale pulasitiki yakuda ija pansi pa mzere woyamba wa njerwa. Akaisiya, pakatha zaka zochepa mudzaona penti ikufufuma m'munsi mwa khoma, pulasitala n'kumayoyoka ngati ufa mukakhudza ndi chala. Zikafika apo kupaka penti ina n'kungotaya ndalama. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma, ndipo kuzungulira nyumba muthire simenti ndi ngalande yotaya madzi kutali.

Malata gulani a geji 28. A geji 32 amaoneka otchipa koma ndi opyapyala, sachedwa kuchita dzimbiri, mphepo ikabwera amang'ambikira pa msomali. Matabwa a bulugamu akhale ouma, aawisi amapindika n'kukoka misomali, denga n'kuyamba kudontha. Muwapake mankhwala a chiswe asanakwere, osati atakwera kale.

Tsono ikatha nyumba, nthawi yoyendera ndi Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanayambe. Wina akwere padenga aone misomali yomwe yazuka ndi malata osunthika. M'kati ayang'ane siling'i: kabanga kofiirira pa bolodi ndiye kuti pamwamba pake pali bowo. Msomali umodzi umenewo mukaulekerera mvula yonse, mudzagula bolodi, thabwa ndi penti.

Mnyamata wa ku Thekerani (Israel): Achimwene zimenezi ndasunga. Koma ine ndili kutali chonchi, ndidziwa bwanji kuti zakonzedwadi? Mnzanga kuno anatumiza ya chimbudzi kawiri konse, mpaka lero sichinaoneke.

Kalipentala (Germiston): Vidiyo kolo, osati chithunzi. Mmisiri aime pomwe pawonongekapo, akuonetse asanayambe, ali mkati, ndi atamaliza. Kotesheni alembe zipangizo pazokha, leba payokha. Zipangizo lipira wekha ku hadiweya pa Mpamba kapena Airtel Money, iye angokatenga. Ya leba upereke pang'ono poyamba, yotsala akamaliza. Mmisiri wabwino sakana zimenezi.

Mayi a mapasa (Randburg): Ine lendi sidutsa m'manja mwa munthu. Aliyense amaika yekha ku akaunti n'kunditumizira umboni. Mchemwali wanga ntchito yake ndi kuyendera ndi kundiuza zimene waona, ndipo ndimamulipira mwezi uliwonse. Wachibale mukamamutuma ulere, tsiku lina adzadzilipira yekha, ndipo simudzatha kumudzudzula. Chinanso, lendi ya mwezi umodzi pa chaka sindiikhudza, ndi ya nyumbayo. Paipi ikaphulika usiku sindiyamba kusaka ngongole kuno.

Malume (Durban): Ine pa zokonza ndimakaniratu kuti wokhalamo akonze yekha n'kudula pa lendi. Amakuuza mtengo umene akufuna, iwe uli kuno.

Mayi a mapasa (Randburg): Pamenepo malume tisiyana pang'ono. Tating'onoting'ono ngati mpopi wodontha kapena loko, ine ndimalola, bola andiuze kaye ndipo aonetse lisiti. Mukamudikiritsa munthu sabata yonse chifukwa cha kampira ka mu mpopi, wabwino amasamuka, mumatsala ndi ovuta. Zikuluzikulu zokha, denga, mawaya a magetsi, thanki ya chimbudzi, ndiye zanga. Zonsezi tinalemba pa pepala polowa, pamodzi ndi dipoziti ndi notisi.

Asisi a ku Chonde (Leeds): Muwonjezerepo mita. Khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayunitsi. Mita imodzi mabanja anayi, wina ali ndi hotipuleti wina ali ndi babu limodzi, mudzakhala oweruza milandu pa foni usiku uliwonse. Madzi a Water Board nawonso, ngati mpopi ndi umodzi, mugwirizane kagawidwe ka bilu asanalowe.

Wa ku Goliati (Cape Town): Za ndalama, mphwanga, usaunjike makwacha ku akaunti kudikira kuti zikwane. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga ya malata anapeza yosakwana. Ukatumiza igwire ntchito pompo: malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo. Simenti yokha usagule yosunga, ndi chinyontho cha kwathu imauma m'thumba momwemo.

Mnyamata wa ku Thekerani (Israel): Zikomo kwambiri nonse. Ndilankhula ndi mayi mofatsa Lamlungu, kenako ndituma mlongo wanga apite pa Makwasa akafunse za mapuloti.

Malume (Durban): Akafika asayambe ndi ogulitsa malo. Ayambe wacheza ndi amene akuchita lendi panopa, amve kuti amalipira zingati, chimawasowa n'chiyani, ndipo nyumba zopanda anthu zilipo zingati pamenepo. Ukamva zimenezo utiuze pompano, tidzaone ngati n'koyenera kuyamba ndi zipinda ziwiri kapena nyumba imodzi ya banja.