Za ma error a proxy zija, zatheka

Abale, paja ndinafunsa kuti ndingasonkhanitse bwanji ma error pamalo amodzi mu Express (framework ya Node.js yolembera ma seva), poti seva yanga imangopititsa ma request ku API ya eni ake ndiye try/catch inali mbwee paliponse. Zatheka tsopano. Ndaika middleware (function yomwe request imadutsamo) imodzi kumapeto kwenikweni, ya ma argument anayi, err, req, res ndi next, akangoperewera Express siyiona ngati ya ma error ayi. Ku API ya eni akeyo akachedwa kuyankha ndikumabweza status code 504, akayankha zosamveka 502, osati 500 pachilichonse ngati vuto ndi lathu. Koma chenjerani, Express 4 sigwira yokha ma promise olephera mpaka muitane next nokha, mu Express 5 ndi momwe anakonza. Stack trace (mndandanda woonetsa pomwe error yachokera mu code) ikumathera mu log basi, kasitomala asaione.