AI yadula maola a anyamata athu, tiimange bwanji manja?

Kalaliki wa ku Ulónguè:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakonza malipiro pa kampani ina yomanga kuno ku Angónia. Maola timalembera pa pulogalamu ya pafoni, ndipo mwezi wathawu abwana analumikizako AI (nzeru zopangidwa za kompyuta) kuti izikonza zolakwika tisanalipire. Tsiku lina anyamata anathira konkire mpaka 11 koloko usiku. AI itaona maola 15 inayesa kuti aiwala kutseka nthawi yoweruka, n'kubweza onse pa maola 8. Anthu 9! Ndinadziwa kapitawo atabwera ndi kabuku kake, ndalama zitapita kale. Mtima ukundiwawa, awa ndi anthu amene ndimakumana nawo pamsika.

Wa makompyuta mumzinda wa Tete:
Pepani achimwene. Funso loyamba, AI imeneyi munaipatsa kiyi ya ndani yolowera mu pulogalamuyo?

Kalaliki wa ku Ulónguè:
Ya abwana eni ake, poti ndi imene inali pafupi.

Wa makompyuta mumzinda wa Tete:
Pagona nkhani ndi pamenepo. Kiyi imeneyo, imene timaitcha API key, imayenda ndi mphamvu za mwini akaunti. Mwaipatsa ya abwana, ndiye kuti ikhoza kusintha, kufufuta ndi kuvomereza chilichonse. Ichotseni lero lomwe. Itsegulireni akaunti yakeyake ya mphamvu zochepa, yongoona maola. Ikapeza chokayikitsa izilemba kuti "uje, tsiku lakuti, maola 15, funsani kapitawo", basi. Ndipo musadalire kungoilembera malangizo akuti usafufute. Mawu amenewo ikhoza kuwamva mwina, koma khomo lokhoma silitsutsika. Akaunti yakeyake ili ndi ubwino winanso: mukayang'ana mbiri ya zosintha mumadziwa kuti apa ndi makina, apa ndi munthu. Panopa zonse zikuoneka ngati anachita ndi abwana.

Mayi wa malipiro ku Moatize:
Mwanenadi bambo, koma tisathamangire makina tisanathane ndi anthu. Lamulo la ntchito kuno ku Mozambique limati tsiku ndi maola 8, sabata 48. Maola owonjezera amalipidwa ndi 50 peresenti pamwamba mpaka 8 koloko usiku, kupitirira apo ndi 100 peresenti. Ndiye maola atatu omalizawo ndi amene ali ndi ndalama zambiri, ndipo ali m'gulu la maola 7 amene anafufutidwa. Komanso olemba ntchito amayenera kusunga kaundula wa maola owonjezera. Oyendera za ntchito akabwera simudzawauza kuti inalakwa ndi AI. Achimwene, werengani metikali iliyonse kuchokera m'kabuku ka kapitawo, muwalipire sabata ino, musadikire kutha kwa mwezi. Muwafotokozere pamaso, osati pa WhatsApp.

Wosunga kaundula ku Zóbuè:
Ine ndikuti AI imeneyo ingoichotsani. Tinakula ndi kabuku ndi cholembera, palibe anadandaula.

Mayi wa malipiro ku Moatize:
Anadandaula bambo, kungoti sankamveka. Ine AI imandipezera amene walembedwa kawiri tsiku limodzi, kapena amene netiweki inamuthawa ali kutchire osatseka nthawi. Zimenezo ndinkathera nazo masiku awiri. Kuona iziona, koma dzanja losaina likhale la munthu.

Wa makompyuta mumzinda wa Tete:
Chinanso, mapulogalamu ngati Clockify ali ndi njira yokhomera maola a masiku apitawo ndi yotumiza sabata kuti woyang'anira avomereze, ngakhale zimakhala m'gawo lolipira. Onani ngati yanu ili nazo. Kapitawo akavomereza Loweruka, khomani. Ndipo musanalole kusintha kulikonse kwa anthu ambiri nthawi imodzi, tsitsani kaye maola onse mu Excel muwasunge padera.

Kalaliki wa ku Ulónguè:
Zikomo nonse. Kiyi ya abwana ndaichotsa masana ano, AI tsopano ikungoona. Ndaiyesa pa sabata yatha, yandilembera mayina 4 okayikitsa osakhudza kanthu, ndipo awiri mwa iwo analidi oiwala kutseka. Abwana avomera kulipira Lachisanu. Amayi a ku Moatize, ndikutumizirani mawerengedwe anga usiku uno mundionereko, maola a pambuyo pa 8 kolokowo ndisawalakwitsenso.