Phewa la wodwala sitiroko latsika, tizimugwira pati pomudzutsa?

Wofunsa:
Akuluakulu a physiotherapy muli muno, ndithandizeni. Ndili chaka chachitatu, tangoyamba neuro, maphunziro a matenda a ubongo ndi mitsempha. Wodwala sitiroko mkono wake uli lendee, sunayambe kuuma, ndipo pansi pa acromion, fupa la pamwamba pa phewa, pakulowa chala chimodzi ndi theka. Pomuchotsa pabedi kupita pa wheelchair tizimugwira pati? Nanga sling, nsalu yokolekera mkono ija, avale tsiku lonse?

Woyankha woyamba:
Achemwali, mpata umenewo ndi subluxation, kutanthauza kuti fupa la mkono latsikako pang'ono kuchoka m'malo mwake paphewa. Mutu wa humerus, fupa la kumtunda kwa mkono, umakhala m'malo mwake chifukwa cha supraspinatus ndi posterior deltoid. Minofu imeneyi ikafooka, mkono umalemera n'kuukokera pansi. Ndiye musamukoke dzanja, musamunyamulire m'khwapa.

Wheelchair iikeni kumbali yamphamvu, pafupi ndi bedi, mabuleki omanga. Akhale kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi onse aponde pansi, zidendene zili kumbuyo pang'ono kwa mawondo. Inu gwirani m'chiuno kapena kumbuyo pa scapula (fupa lophwathalala la kuseri kwa phewa), bondo lanu litchinge bondo lake lofooka lija lisapindike. Aweramire kutsogolo, kenako adzuke. Akayamba kudzuka asanawerame, thupi limabwerera m'mbuyo, ndipo apa m'pamene womuthandiza amathamangira kukoka mkono uja.

Woyankha wachiwiri:
Sling tsiku lonse ayi. Avale poima ndi poyenda basi. Imasunga mkono utapindika pachifuwa, ndiye ikakhalitsa minofu ya pectoralis major ndi subscapularis imafupika, phewa n'kuuma, ululu n'kuyamba. Akakhala pansi muvuleni, mkono ugone papilo kapena patebulo, chikhatho chili chotambasuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi passive movement, pamene inu mukumuyendetsera mkono iye osagwiritsa ntchito mphamvu zake. Musakweze mkono kupitirira madigiri 90 musanazungulitse scapula m'mwamba ndi humerus kunja, apo ayi mukufinya minofu pansi pa acromion. Pulley yokokera mkono pamwamba pa mutu ija isiyeni ndithu.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga akangokhala tsonga n'kunena kuti akumva chizungulire?

Woyankha woyamba:
Yezani BP ali chigonere, muyezenso atadzuka pasanathe mphindi 3. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena yapansi ndi 10, mugonekeni, muwauze adokotala.

Woyankha wachitatu:
Onaninso ngati akuuzindikira mkonowo. Sitiroko ya ubongo wakumanja imabweretsa neglect kawirikawiri, munthu amaiwala kuti ali ndi mkono wakumanzere, umangolendewera mpaka zala kukodwa m'masipoko a tayala iye osadziwa. Owasamalira muwaphunzitse kagwiridwe komweka, chifukwa ndi iwo amamudzutsa usiku inu kulibe.