Kodi zakudya za mwezi tizigula bwanji kuti zisamaonongeke?

Wofunsa (Mangochi Boma):
Akuluakulu, kwa banja la anthu 6, ndi ziti zoyenera kupikula kamodzi malipiro akangolowa? Kutentha kwa kunoku kukuononga zinthu msanga.

Mayi wa ku Mpondasi:
Achimwene, zouma zokha: chimanga, nyemba, mpunga, mchere, shuga ndi mafuta. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likhoza kukufikitsani kumapeto a mwezi ngati m'mawa simudalira phala lokha. Koma musagayitse lonse. Mgaiwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, ndiye kukatentha umayamba kuwawa. Gayitsani wa masabata awiri, muuyanike uzizire musanatseke m'ndowa, apo ayi uchita nkhungu. Pogula lumani njere: youma imaswekeratu kuti "khe", yonyowa imangofwanyika. Chimanga chotsalacho ikani m'thumba la PICS (losalowa mpweya), mumange magawo onse atatu payokhapayokha, anankafumbwe amafera momwemo. Thumbalo likhale pa mitengo, osati pa simenti.

Bambo wa ku Makawa:
Usipa gulani wofutsa. Musausunge m'jumbo, umachita thukuta. Dengu ndiye labwino, ndipo muziuonetsa dzuwa sabata iliyonse. Tomato wa masiku atatu basi.

Mayi wa ku Namwera:
Musaiwale mfutso wa chitambe. Unyikeni m'madzi ofunda, muwiritse ndi tomato, nsinjiro zibwere pomaliza pa moto wochepa chifukwa zimapserera. Mtedza sankhani musanasinje, wachuku tayani. Nyemba zikagona m'madzi usiku sizitha makala.