Ndi mabuku ati abwino onena za moyo ndi maulendo m'chipululu cha Baja California?

Mphunzitsi Wopuma, Ngabu

Abale ndi alongo okonda kuwerenga, landirani moni kuchokera kuno ku Ngabu. Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi ndakhala ndikuwerenga mabuku a anthu amene anayenda m'zipululu, ndipo limene linandigwira mtima kwambiri ndi Arabian Sands la Wilfred Thesiger, lomwe linatuluka mu 1959. Mkuluyu anapita ku Arabia mu 1945 kukafufuza malo amene dzombe limaswanirana, ndipo m'zaka zotsatira anadutsa kawiri chipululu cha mchenga cha Rub' al Khali pa ngamila. Chimene ndinamulemekezera n'chakuti sanabise kuti moyo wake unali m'manja mwa Aluya amene ankayenda nawo, mpaka bukulo analipereka kwa awiri mwa iwo, bin Kabina ndi bin Ghabaisha.

Tsopano mtima wanga wapita ku Baja California, ku Mexico. Uwu ndi mtunda wopyapyala wolowa m'nyanja, wotalika makilomita oposa 1,200, kumadzulo kwake kuli nyanja ya Pacific ndipo kum'mawa kuli nyanja ya Gulf of California, imene imatchedwanso Sea of Cortez. Mvula imagwa yochepa kwambiri m'madera ambiri, ndipo msewu wa tara wochokera kumpoto kukafika kumapeto kwenikweni kwa mtundawu unatha mu 1973. Ndawerenga The Forgotten Peninsula la Joseph Wood Krutch, la mu 1961, limene limafotokoza bwino zomera za kumeneko, makamaka mtengo wodabwitsa wotchedwa boojum ndi chomera chaminga chachitali chotchedwa cardón, koma nditalimaliza ndinatsala ndi njala yofuna kumva za anthu.

Funso langa ndi ili: ndi mabuku ati amene amanena za anthu okhala kumeneko, kumene amatunga madzi, zimene amaweta ndi mmene amapiririra chilala? Ife a m'chigwa cha Shire kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala timakudziwa, ndipo timadziwanso kufukula mchenga wa mtsinje wouma kuti tipeze madzi. N'chifukwa chake sindikhutira ndi buku limene limangotamanda kulimba mtima kwa mlendo wodutsa.

Mlangizi wa Ziweto, Bangula

Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa, ndipo ndikuyankhani mosazengereza kuti mufunefune mabuku a Harry W. Crosby. Iye anali wojambula zithunzi wa ku California, ndipo mu 1967 anayenda pa nyulu kutsatira njira yakale imene inkalumikiza mamishoni a m'derali. Paulendowo anadalira alimi a m'mapiri kuti amulondolere njira, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu amenewa ndi amene anasanduka nkhani yaikulu ya zolemba zake. Buku limene likuyankha ndendende zimene mwafunsa ndi Last of the Californios, la mu 1981.

Anthu amene Crosby amawafotokoza ndi zidzukulu za asilikali ndi antchito amene anabwera ndi mamishoni zaka za m'ma 1700. Mamishoni atatha mphamvu, mabanja awo analowa m'zigwembe za m'mapiri ndi kukhazikika paliponse pamene panali kasupe wosaphwa. Banja limamanga pafupi ndi kasupeyo, limakumba ngalande yaing'ono yotengera madzi kudimba la zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo chuma chake chachikulu chimakhala mbuzi, ng'ombe zochepa, abulu ndi nyulu. Mkaka wa mbuzi amapangira tchizi chimene chimasungika nthawi yaitali ndipo chimatha kunyamulidwa pa nyulu kupita kumsika wakutali osawonongeka. Zikopa amafufuta okha ndi makungwa a mitengo ya komweko, n'kusoka nsapato, zishalo ndi zingwe.

Monga munthu amene ndimagwira ntchito ndi oweta, chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi mmene kukula kwa khola kumayenderana ndi mphamvu ya kasupe ndi msipu. Kumalo kotero munthu sangawete mopitirira zimene madzi angakwanitse, chifukwa chaka cha chilala chikafika ziweto zimatha yekha akuona. Kuno kwathu, kumene ng'ombe ndi mbuzi n'zochuluka ndipo msipu umachepa chaka ndi chaka pamene minda ikukula, nkhani imeneyi si yachilendo ayi. Ndinaonanso kuti mitsinje yawo imakhala mchenga wokhawokha kwa miyezi yambiri, koma namondwe akachokera kunyanja imadzaza mwadzidzidzi ndi kukokolola madimba, ndipo banja limayambiranso kusanja miyala. Amene munaona zimene mtsinje wa Mwanza unachita nthawi ya namondwe Ana mu 2022 mudzawerenga masamba amenewo ndi mtima wina.

Crosby yemweyo analembanso The Cave Paintings of Baja California, la mu 1975, lonena za zithunzi zikuluzikulu za anthu, agwape ndi nyama zina zimene anthu akale anajambula m'mapanga ndi utoto wofiira ndi wakuda. Zithunzi za m'mapiri a Sierra de San Francisco zinalowa m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1993, ndipo zathu za ku Chongoni ku Dedza zinalowa mu 2006. Mapanga ambiri amene iye analemba anachita kusonyezedwa ndi oweta mbuzi omwewo, amene ankawadziwa kuyambira ubwana wawo.

Mnyamata wa ku Nchalo

Bambo, ine limene ndinalikonda ndi Into a Desert Place la Graham Mackintosh, la mu 1988. Iye ndi wa ku Britain, sanali katswiri wa maulendo, koma kuyambira mu 1983 anayenda wapansi m'mbali mwa nyanja kuzungulira mtunda wonsewo, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,800 umene unamutengera zaka pafupifupi ziwiri. Ankadya nsomba, njoka ndi zipatso za zomera zaminga, ndipo madzi akamuthera ankawiritsa a m'nyanja n'kutolera nthunzi yake kuti apeze akumwa. Mbali imeneyi inandikhudza chifukwa kuno mijigo ina imatulutsa madzi amchere amene munthu sangamwe, ndipo ndinamvetsa kuchuluka kwa nkhuni ndi nthawi zimene zimafunika kuti munthu apeze madzi ochepa chabe mwa njira imeneyi.

Ndikudziwa kuti mwati simukufuna buku la mlendo wodutsa, koma ndikupemphani kuti ili musalitaye. Asodzi a m'misasa yakutali, anthu osauka ndithu, ndi amene ankamupatsa chakudya ndi madzi, ndipo iye amawatchula mwaulemu ndi moyamikira.

Mwana wa Msodzi, Chiromo

Aphunzitsi ndi nonse amene mwayankha kale, ndiloleni ndiike mawu pa buku limene anthu ambiri amayambira akafuna kudziwa za dera limeneli, The Log from the Sea of Cortez la John Steinbeck. Mu 1940 iye ndi mnzake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja, anachita hayala boti la asodzi lotchedwa Western Flyer, ananyamuka ku Monterey, ku California, ndi kukhala pafupifupi milungu 6 akutolera tizamoyo ta m'mphepete mwa Gulf of California nthawi imene madzi abwerera. Buku loyamba linatuluka mu 1941 lili ndi mayina a onse awiri pamodzi ndi mndandanda wa zamoyo zimene anapeza, ndipo mu 1951, Ricketts atamwalira kale pa ngozi mu 1948, mbali ya ulendo inasindikizidwa payokha.

Ndikuvomereza kuti bukuli silikulowetsani m'kati mwa chipululu, popeza iwo kawirikawiri ankagona m'boti ndipo ankatsikira m'magombe ndi m'matauni a m'mbali mwa nyanja monga Cabo San Lucas, La Paz ndi Loreto. Komabe muli mutu umodzi umene mwana aliyense wa msodzi ayenera kuwerenga. Pafupi ndi Guaymas, kutsidya lina la nyanjayo, anakumana ndi zombo za ku Japan zimene zinkakoka makoka pansi penipeni pa nyanja pofuna tizamoyo ta m'gulu la nkhanu totchedwa shrimp, ndipo nsomba zina zonse zimene zinkakodwa ankazitayira m'madzi zitafa. Olembawo anaona kuti usodzi wotere udzatha nyanja yonse, koma sanawatenge amalinyerowo ngati anthu oipa, anawaona ngati antchito aluso amene agwidwa m'dongosolo lowononga. Ine ndinakulira m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, ndipo ndaona makakana ndi mlamba zikuchepa pamene anthu akukoka ndi maneti a udzudzu amene sasiya ngakhale kamwana ka nsomba. Amene amachita zimenezi ndi anansi athu, ndipo ambiri amatero chifukwa kunyumba kulibe ufa. Buku limene limatha kudzudzula mchitidwe popanda kunyoza munthu ndimaliika pamwamba.

Mayi Wophunzitsa Mbiri Yakale, Nsanje

Aphunzitsi anzanga, mabuku onse amene atchulidwa ndi abwino, koma ambiri amanena za anthu amene anabwera pambuyo. Eni nthaka oyamba, a Cochimí, a Guaycura ndi a Pericú, anakhala m'chipululu chimenechi kwa mibadwo yambirimbiri popanda munda kapena khola, ndipo amene akufuna kudziwa mmene ankakhalira sangalambalale buku la Johann Jakob Baegert, Observations in Lower California. Iye anali wansembe wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku Alsace, dera limene lero lili mu France, ndipo anakhala zaka 17 pa mishoni ya San Luis Gonzaga pakati pa a Guaycura, kuyambira mu 1751 mpaka mu 1768 pamene mfumu ya Spain inathamangitsa Ajezuiti onse m'derali.

Ndikuchenjezeni kuti bukuli n'lowawa. Baegert sanalikonde dzikolo, ankaliona ngati miyala ndi minga basi, ndipo anthu amene ankawatumikira amawafotokoza ndi mawu achipongwe amene amapweteka kuwerenga. Ngakhale zili choncho, maso ake anali akuthwa. Analemba mmene mabanja ankasamukira kutsata zitsime ndi nyengo ya zakudya, mmene ankakumbira mizu, kugwira abuluzi ndi mbewa, ndi mmene nyengo ya pitahaya, chipatso cha chomera chaminga, inalili nthawi yokhayo pa chaka imene aliyense ankakhuta. Analembanso zina za chilankhulo chawo, ndipo zimenezo ndi mbali yaikulu ya zochepa zimene zatsala, chifukwa chilankhulocho chinafa pamodzi ndi eni ake. Mishoni yoyamba yokhazikika inamangidwa ku Loreto mu 1697, a Pericú anaukira mu 1734, koma chimene chinawatha anthu ambiri ndi matenda obwera ndi alendo monga nthomba ndi chikuku, amene ankafala msanga anthu akasonkhanitsidwa pamalo amodzi.

Ophunzira anga ndimawauza kuti buku lotere liwerengedwe monga mmene timawerengera zimene David Livingstone ndi anzake analemba atakwera mtsinje wa Shire mu 1859. M'zolemba zimenezo timapezamo zenizeni za thonje limene Amang'anja ankalima ndi kuwomba, za midzi ndi za malonda a akapolo, koma mawu a Amang'anja eni ake timawamva kudzera m'kamwa mwa mlendo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tilipo, tili ndi agogo amene amatiuza mbali yathu ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi akadalipo, pamene a Guaycura alibe wowayankhulira. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana kwenikweni ndi achimwene a ku Bangula kuti aphunzitsi ayambe ndi oweta mbuzi a m'mapiri, popeza akasupe amene mabanjawo anakhalapo anali ndi eni ake kale.

Mphunzitsi Wopuma, Ngabu

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinkayembekezera. Achimwene a ku Nchalo, buku la Mackintosh ndilifunafuna, chifukwa mwanditsimikizira kuti asodzi ali ndi malo awo m'menemo. Mayi a ku Nsanje, mfundo yanu ya akasupe yandilowa, koma ndili ndi nkhawa imodzi. Ngati Baegert ankawanyoza anthuwo, kodi munthu amene sadziwa mbiri ya derali angasiyanitse bwanji zimene wansembeyo anaonadi ndi zimene zinachokera m'kuipidwa kwake? Ndiponso, kodi bukuli lilipo m'Chingerezi?

Mayi Wophunzitsa Mbiri Yakale, Nsanje

Lilipo, aphunzitsi. Iye analilemba m'Chijeremani atabwerera ku Ulaya, ndipo la m'Chingerezi linasindikizidwa ndi University of California Press mu 1952. Posiyanitsa, ine ndimakhulupirira kwambiri pamene akufotokoza chinthu chimene anachiona ndi maso, monga chakudya, zida, mtunda wa pakati pa zitsime kapena mawu a chilankhulo, ndipo ndimachenjera pamene akuweruza nzeru, makhalidwe kapena chipembedzo cha anthuwo, chifukwa pamenepo ankayeza ndi muyeso wa kwawo. Chinanso chimene chingakuthandizeni ndi kuliwerenga pamodzi ndi Antigua California la Crosby yemwe uja, la mu 1994, limene limafotokoza zaka za Ajezuiti kuyambira mu 1697 mpaka mu 1768 pogwiritsa ntchito makalata ndi kaundula wa nthawiyo. M'menemo mudzaona amene ankalipira mamishoni, mmene chakudya chinkabwerera pa zombo kuchokera kutsidya la nyanja popeza minda ya mamishoni ambiri sinkakwanitsa kudyetsa anthu, ndi mmene asilikali anakwatirira ndi kuyambitsa mabanja amene achimwene a ku Bangula anawatchula. Ndi buku lalikulu ndipo limafuna kudekha, choncho mukhoza kuyamba ndi mitu yonena za moyo wa tsiku ndi tsiku pa mishoni musanatsegule la Baegert.