Za MGB yanga ija: vuto la mapulagi akuda lapezeka

Anzanga, ndabweranso ndi nkhani ya galimoto yanga ya MGB ya 1967 ija, yomwe ili ndi makabureta (zipangizo zosakaniza petulo ndi mpweya) awiri a mtundu wa SU HS4. Ndinafunsa chifukwa chake mapulagi 3 ndi 4 ankada ndi mwaye pomwe 1 ndi 2 anali bwinobwino, komanso injini inkadukizadukiza galimoto ikaima.

Ambiri munati ndisakhudze nati ya jeti (yochulukitsira kapena kuchepetsera petulo mu kabureta) ndisanaone mavalavu ndi taimingi. Ndinatero, zonse zinali m'malo mwake. Vuto linali mu float chamber (kachitini kosungira petulo) ya kabureta yakumbuyo, yomwe imadyetsa masilinda 3 ndi 4 omwewo: kasingano kotseka petulo kanaperepeseka, ndiye petulo ankakwera kupitirira muyeso. Ngakhale mutapotokola nati tsiku lonse, zotere sizingatheke.

Nditasintha kasinganoko, ndinakweza majeti onse awiri mpaka pamwamba, kenako n'kuwatsitsa potembenuza nati kawiri kathunthu. Injini itatentha, ndinalinganiza makabureta pomvetsera kukoka kwa mpweya ndi kapaipi kukhutu. Kenako ndinatukula pistoni ya mu kabureta ndi kapini kake pafupifupi milimita 1. Injini ikakwera mawu pang'ono n'kubwerera, ndiye kuti zakhala. Ikakwera osabwerera, petulo wachuluka, kwezani nati; ikafuna kuzima, wachepa, itsitseni. Muzitembenuza pang'onopang'ono, chifukwa SU imamva msanga.

Tsopano mapulagi onse anayi akuoneka ofiirira, utsi wakuda watha. Chatsala n'chakuti imatsamwa pang'ono ndikaponda mafuta mwadzidzidzi. Ndikuganiza kuti oilo wa mu dashpot (kapoto ka pamwamba pa kabureta) ndi wopepuka kwambiri. Inu mumathiramo 20W-50 kapena SAE 20?