Kusewera ndinkatha, koma ukochi ndiutha? Zandifikitsa kwa Yuri Shevtsov

Mwale_waMatero
Muli bwanji nonse muno. Ine ndasewera handball zaka 12 kuno ku Lusaka ngati wing'a wa kumanja, manje bondo lakana, adokotala anandiuza kuti zolumpha ndisiye. Ahedi a pasukulu ina kwathu ku Matero andipempha kuti ndiziphunzitsa ana Loweruka lililonse, ndavomera koma mtima suli m'malo. Sabata yatha ndimafuna kuwaphunzitsa kulumpha kuja umadziponya mkati mwa mzere wa mamita 6 n'kuponya mpira usanaponde pansi, ndinatsegula pakamwa mawu osabwera, thupi langa likudziwa koma pakamwa ayi. Kamtsikana kena kanangoima mpira uli m'manja kakundiyang'ana, zinandiwawa kwambiri. Usiku ndinayamba kuwerenga za Yuri Shevtsov wa ku Belarus poti naye ankasewera malo angawa kenako anakhala kochi wamkulu. Amene mumamudziwa bwino ndithandizeni, iye anawoloka bwanji kuchoka mu jezi kupita pa benchi?

AnkoloTembo
Mphwanga Mwale pepa ndi bondolo. Munthu amene watchulayu si munthu wamba. Anabadwa 1959 ku Slutsk, anasewera ku SKA Minsk nthawi ya Soviet Union, ndipo timu imeneyo inatenga chikho chachikulu cha makalabu a ku Ulaya katatu, 1987, 1989 ndi 1990. Ndi timu ya dziko anatenga chikho cha dziko lonse mu 1982 atagonjetsa Yugoslavia, kenako golide ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, fainolo anamenya eni bwalo a South Korea 32-25. Iye kumanja, Aleksandr Karshakevich kumanzere, yemwe uja ankapotokola dzanja mpira n'kugunda pansi n'kukhota kumuzungulira golikipa. Ukapeza mavidiyo akale pa YouTube uone, zithunzi zake sizioneka bwino koma dzanja lija ulionabe.

Koma chimene ine ndimaona n'chakuti anyamata amenewa anakulira m'manja mwa kochi mmodzi, Spartak Mironovich, amene anakhala ku SKA Minsk zaka 40. Ndiye ukamamva mawu a munthu mmodzi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambirimbiri, momwe amakonzera cholakwa, momwe amakalipira, momwe amakhalira chete, zimakulowa osadziwa. Iwenso uli naye amene anakuphunzitsa. Kumbukira mawu amene iye anakuuza tsiku loyamba, uyambire pamenepo.

Zulu_Chawama
Ankolo zoona koma tisamunamize mnzathuyu. Amene aja anali ndi holo, mipira yambiri, treningi tsiku lililonse. Ife kuno ukachotsa OYDC, malo aja amasewera a Olympic muno mu Lusaka, ambiri timasewera pa simenti ya netball, magolo ojambula ndi choko pakhoma, mpira umodzi ana 30, ndipo makolo ena ukati handball amayesa ndi netball yomweyo. Komanso Shevtsov sanangodzuka n'kukhala kochi wamkulu ayi, atapita ku Germany anayambira ku Blau-Weiß Spandau ya ku Berlin, kusewera kenako kuphunzitsa komweko, mu chilankhulo choti si chake. Atafika ku TBV Lemgo ndi pamene zinaphulika, 1997 anatenga ligi ndi chikho cha dziko chaka chimodzi, ndipo Lemgo ndi katauni ka anthu ngati 40,000 chabe. Ku TUSEM Essen anatenga EHF Cup, chikho china cha makalabu a ku Ulaya, mu 2005, chaka chomwecho kalabu inalandidwa laisensi chifukwa cha mavuto a ndalama, tangoganizani chikho chili m'manja timu n'kutsitsidwa. Anapita ku Rhein-Neckar Löwen, ndipo 2009 anabwerera kwawo kukatenga timu ya dziko la Belarus n'kukhala nayo zaka zoposa 10. Ine chimene chimandikhudza ndi kubwerera kwawoko, munthu woti ku Germany anali kale ndi dzina.

MaiBanda_PE
A Mwale ine ndine mphunzitsi wa masewera ku Chilenje, mbiri ya akuluakuluwa sindiidziwa ngati anzangawa koma ana ndimawadziwa. Kulumpha kwa wing'a musayambe nako, ndi kwa kumapeto. Yambani ndi masitepe atatu chabe opanda mpira, kumanzere kumanja kumanzere kwa amene amaponya ndi dzanja lamanja, muziwomba m'manja iwo akuponda. Kenako sokosi yokulunga m'malo mwa mpira, aliyense akhale ndi yake asamaime pamzere kudikira. Kugwa muwaphunzitse pa udzu kapena pa matiresi akale, pa simenti mwana akasupuka chigongono kamodzi sabweranso. Ndipo poti bondo silikulolani, sankhani mwana mmodzi amene wagwira msanga akhale miyendo yanu, inu muzingomukonza phewa ndi chigongono anzake akuona. Mukapeza wamanzere mumusunge bwino, ameneyo ndiye wing'a wanu wa kumanja.

Mwale_waMatero
Zikomo kwambiri nonse. Ankolo mwandikumbutsa, kochi wanga woyamba ankangoti "chigongono pamwamba pa khutu" basi, sankanena zambiri. Amai Banda za sokosi ndiyesa Loweruka lino, ndauza kale ana kuti aliyense abweretse yakale. Kamtsikana kaja ndi kamanzere. Ngati alipo amene ali ndi mpira wa saizi 1, waung'ono uja wa ana, umene sakugwiritsa ntchito andiuze ku inbox, ndidzautenga ndekha mtauni.